Kukonzanso nyimbo zakale: mawu akwere mpaka pati?

Pa 9 September 2009, zimbale za gulu la The Beatles zinatulukanso pa CD zitakonzedwa mwatsopano ku situdiyo ya Abbey Road mumzinda wa London. Ntchitoyo inatenga zaka zinayi, ndipo eni ake ananena poyera zimene anachita komanso zimene anakana kuchita. Pa mphindi 525 za nyimbo, makina ochotsa phokoso anawagwiritsa ntchito pa mphindi zosakwana zisanu. Chipangizo chotchedwa limiter, chimene chimathandiza kuti nyimbo imveke mokweza, anachiika pa nyimbo za stereo zokha, ndiponso pang'ono. Za mono sanazikhudze nacho n'komwe.

Akatswiri okhala ndi zida zodula chotere ankaopa chiyani pa kabatani kamene mnyamata aliyense wa laputopu amangokapotokola osaganiza kawiri? Funsoli ndi lathunso, poti nyimbo zathu zakale zili pa mbale za galamafoni, pa matepi ndi pa makaseti, ndipo ena ayamba kale kuzisamutsira pa kompyuta.

Pansi pali phokoso, pamwamba pali denga

Chilichonse chosunga mawu chili ndi malire awiri. Pansi pali phokoso la chinthucho: kuthetheka kwa mbale, kaphokoso ka "siii" ka tepi, kung'ung'udza kwa magetsi. Mawu akatsika kupyola pamenepo amamira. Pamwamba pali denga, ndipo mawu akaligunda amasasa, singano imalumpha mzere, tepi imakhuta. Mtunda wa pakati pa malire awiriwa ndi umene akatswiri amati dynamic range, ndipo amauyeza m'ma decibel, mwachidule dB.

Decibel sayenda ngati mita. Mukawonjezera 6 dB, msinkhu wa funde la mawu wawirikiza kawiri, koma kuti khutu livomere kuti mawu akweradi kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB. Mbale ya 78, yolemera ija yosachedwa kusweka, imapereka 30 kapena 40 dB ikakhala yosamalika. Mbale ya LP, imene kampani ya Columbia inatulutsa mu 1948, imafika cha m'ma 60. CD, imene Sony ndi Philips anabweretsa mu 1982, imasunga mawu m'manambala a 16-bit ndipo pamasamu imafika 96 dB. Fayilo ya 24-bit imafika 144 dB, mtunda umene ngakhale zida zamagetsi zabwino kwambiri sizitha kuudzaza.

Denga la manambala ndi louma kuposa la tepi. Tepi ikadzaza imapinda mawu pang'onopang'ono, mwakuti oimba ambiri amakonda kamvekedwe kake. Manambala akatha ndiye kuti atha. Malire ake amalembedwa 0 dBFS, ndipo funde likafuna kupitirira pamenepo nsonga yake imangodulidwa.

Taonani manambalawo kachiwiri. Zonse zimene zili pa mbale ya 78 zikhoza kulowa pa CD malo n'kutsala ochuluka. Palibe vuto la malo limene limakakamiza munthu kufinya nyimbo yakale. Akamafinya, chifukwa chake chimakhala china.

Mtundawu uli pawiri

Anthu akamakangana za dynamic range nthawi zambiri amasakaniza zinthu ziwiri. Choyamba ndi kusiyana kwa ndime ndi ndime: wotsogolera nyimbo akuyamba yekha motsitsa, kenako gulu lonse likuvomera mwamphamvu. Chachiwiri chimachitika m'kanthawi kochepa zedi. Chikhatho chikafika pa chikopa cha ng'oma pamatuluka nsonga yakuthwa imene imatha m'ma millisecond owerengeka, kenako thupi la mawu a ng'omayo n'kutsatira. Kusiyana kwa nsongazi ndi mphamvu ya pakatikati ya nyimbo n'kumene kumapangitsa kuti ng'oma imveke yomenyedwa ndi dzanja la munthu, ndi kuti chingwe cha gitala chimveke kuti chakodoledwa.

Mu 2011 Emmanuel Deruty analemba m'magazini ya Sound on Sound zimene anapeza atayeza nyimbo zambiri za zaka zosiyanasiyana. Kusiyana kwa ndime ndi ndime sikunachepe kwenikweni monga ambiri ankadandaulira. Chimene chinachepa ndi chachiwiricho, mtunda wa pakati pa nsonga ndi thupi la nyimbo. Apa ndi pamene limiter imadya.

Kodi limiter imachita chiyani?

Mkulu wake wa limiter ndi compressor. Mumaiikira mlingo, ndipo mawu akadutsa mlingowo imawabweza. Mukaiika pa 4:1, ndiye kuti mawu akakwera ndi 4 dB pamwamba pa mlingo, iyo imalola 1 dB yokha kudutsa. Mumaiuzanso kuti igwire msanga bwanji ndi kuti itaye mochedwa bwanji. Limiter ndi compressor yopanda chifundo, yoyambira pa 10:1 kupita m'tsogolo, mpaka ija imene silola kanthu kalikonse kudutsa. Za pa kompyuta zili ndi nzeru ina: zimachedwetsa nyimbo pang'ono kuti ziwone nsonga isanafike, n'kuitsitsiratu. Imene inafalitsa kachitidweka ndi L1 ya kampani ya Waves, ya mu 1994.

Chodabwitsa n'chakuti limiter payokha sikweza kanthu. Ntchito yake ndi kutsitsa. Ikatsitsa nsonga ndi 6 dB, pansi pa denga pamatsala malo a 6 dB, ndipo injiniya amakweza nyimbo yonse kuti idzaze malowo. Zili ngati kulongedza thonje m'thumba. Thumba silikula, mukatsendera ndi phazi mumangolowetsamo lambiri, thumba n'kulemera, koma thonjelo lasiya kufewa.

Wina asamve ngati limiter ndi chida choipa. Ikamagwira nsonga imodzi apa, ina uko, ndi 1 kapena 2 dB, makutu ambiri sazindikira. Vuto limayamba ikamagwira pa kumenya kulikonse kwa ng'oma kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Akale nawonso ankafinya

Chimene okonzanso nyimbo amaiwala kawirikawiri n'chakuti nyimbo yakale inafinyidwa kale tsiku limene inkajambulidwa.

Chaka cha 1925 chisanafike, nyimbo zinkajambulidwa popanda maikolofoni. Oimba ankaunjikana kutsogolo kwa lipenga lalikulu, ndipo mphamvu ya mawu awo ndi imene inkagwedeza singano yolemba pa phula. Wa mawu amphamvu ankabwerera m'mbuyo akafika pokweza, wa chida chofooka ankamukankhira kutsogolo. Miyendo ya oimba ndiyo inali compressor. Makampani a Victor ndi Columbia atayamba kujambula ndi magetsi mu 1925, ntchitoyi inasamukira ku dzanja la injiniya pa kabatani, kenako ku makina.

Odula mbale analinso ndi nkhawa zawo. Mawu okwera, makamaka besi, amafuna mzere wotakasuka, ndipo mzere ukatakasuka nthawi ya nyimbo pa mbale imachepa, apo ayi singano ya wogula imalumpha. Komabe timbale ta 45, timene RCA Victor inayambitsa mu 1949, tinkapikisana m'makina oimba a m'mabala ndi pa wailesi, ndipo makampani ngati Motown ya ku Detroit anatchuka ndi kudula timbale tokwera mawu. Mpikisano wokweza si wa dzulo ayi.

Kufinya kwina kunali luso lenileni. Ng'oma za Ringo Starr pa chimbale cha The Beatles cha Revolver cha mu 1966 zimamveka mmene zimamvekeramo chifukwa injiniya Geoff Emerick anazidutsitsa mu limiter ya Fairchild mwadala. Wokonzanso alibe ufulu wochotsa zimenezo, ndipo ngakhale atafuna sangathe. Komanso alibe chifukwa chosanjikizapo kufinya kwina pamwamba pa kumene eni nyimbo anakhutira nako.

CD itabwera zinthu zinatembenuka

Ma CD oyambirira a m'ma 1980 ankasiya malo ambiri pansi pa denga. Zida za manambala zitafala m'ma 1990, makampani anazindikira kuti pa CD palibe singano yoti ilumphe. Chimbale cha Oasis cha mu 1995, (What's the Story) Morning Glory?, ndi Californication cha Red Hot Chili Peppers cha mu 1999, zimatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi. Mu 2008 Metallica inatulutsa Death Magnetic, ndipo otsatira gululi anapeza kuti nyimbo zomwezo zimamveka bwino m'masewero a pa kanema a Guitar Hero, mmene zinalowa zisanafinyidwe chotero. Anthu zikwizikwi anasaina chikalata chopempha kuti chimbalecho chikonzedwenso.

Nyimbo zakale zinakokedweramo chifukwa cha malonda. Kampani ikafuna kukugulitsani kachiwiri chimbale chimene muli nacho kale, imayenera kukuonetsani kusiyana m'masekondi khumi oyamba, ndipo kusiyana kosavuta kupanga ndi kukweza. Chitsanzo chonyanya ndi Raw Power, chimbale cha The Stooges cha mu 1973, chimene woimba wa gululi, Iggy Pop mwiniwake, anachisakanizanso mu 1997 n'kuchikweza mpaka kusasa kunamveka paliponse. Iye anali ndi ufulu, nyimbo ndi zake. Koma zimbale zambiri zolembedwa "remastered" za nthawi imeneyo zinakwezedwa eni ake atamwalira kale kapena osafunsidwa.

Chimene chimachitikira nyimbo yakale

Nyimbo yamakono yojambulidwa pa kompyuta ili ndi phokoso lochepa kwambiri, moti mukaikweza ndi 8 dB pansi pake sipadzuka kanthu. Nyimbo yakale ili ndi alendo pansipo. Mukadula nsonga ndi 6 dB n'kukweza zonse, kaphokoso ka tepi nakonso kakwera ndi 6 dB. Ngati mbale inali ndi 35 dB yokha, mwatsala ndi 29. Mwatsitsa denga, mwakweza pansi, woimba watsala pakati.

Phokoso likangokhala pamlingo umodzi, khutu limalizolowera ndipo pakapita kanthawi limaliiwala. N'chifukwa chake agogo ankavina nyimbo za pa galamafoni osadandaula za kuthetheka. Limiter imaononga chizolowezi chimenechi, chifukwa ikagwira imatsitsa zonse, phokoso lomwe, ndipo ikataya zonse zimakweranso. Phokoso limayamba kupuma motsatira ng'oma, kulowa ndi kutuluka. Chinthu choyenda khutu silitha kuchiiwala.

Palinso nkhani ya zipsera. Mbale yokandika imatulutsa "tha!" wakuthwa amene nthawi zambiri amakwera kuposa nyimbo yeniyeniyo. Limiter sidziwa kusiyanitsa chipsera ndi ng'oma. Imagwira chipseracho, n'kutsitsa mawu a woimba kwa kanthawi, ndipo womvera amamva kadzenje m'nyimbo pamene panalibe. Zipsera ziyenera kuchotsedwa kaye, chimodzichimodzi ngati n'kotheka, munthu asanaganize n'komwe za kukweza.

Ndiye pamabwera msampha wachiwiri. Injiniya akakweza n'kumva kuti phokoso lachuluka, amathamangira ku makina ochotsa phokoso. Makinawa anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, NoNoise ya Sonic Solutions ku America ndi CEDAR ya ku Cambridge, imene inachokera ku kafukufuku wothandizidwa ndi nyumba yosunga mawu ya British Library. Pochotsa zipsera ndi odalirika. Pochotsa ka "siii" kosalekeza ndi oopsa, chifukwa kaphokosoko kamakhala m'dera limodzi ndi mpweya wa woimba, kunyezimira kwa zingwe ndi mchira wa mawu m'chipinda. Mukapitiriza muyeso, woimba amamveka ngati ali pansi pa madzi. Kenako injiniya uja amawonjezera mawu akuthwa kuti abwezeretse zimene wachotsa, limiter n'kugwiranso mwamphamvu. Zida zitatu zikulimbana, zonse pofuna kukonza vuto limene linabwera ndi chida choyamba.

Kwa ine, ngati pali kusankha pakati pa nyimbo yokhala ndi kaphokoso ndi nyimbo yoyera koma yakufa, ya kaphokoso ndi imene ndingasunge.

Mtunda weniweni umapezeka posamutsa

Ntchito yaikulu imachitika kompyuta isanakhudze kanthu. Mbale itsukidwe. Singano ikhale yoyenera: mizere ya 78 ndi yotakasuka, singano yake ndi yonenepa pafupifupi kanayi kuposa ya LP, ndipo mukaikapo ya LP imakhudza pansi pa mzere n'kutola fumbi m'malo mwa nyimbo. Liwiro liyezedwe, poti mbale zambiri zoyambirira sizinkadulidwa pa 78 ndendende. Ndiponso odula mbale ankachepetsa besi n'kukweza mawu akuthwa kuti woimbitsa adzabweze. Muyeso umodzi wa RIAA unakhazikitsidwa mu 1954. Usanabwere, kampani iliyonse inali ndi wake. Mukaimbitsa mbale yakale pa muyeso wolakwika, kamvekedwe kake kasokonekera musanayambe ntchito.

Pa tepi, mutu wa makina uyenera kulunjika mmene unalunjikira wa makina ojambulira. Ukapendekeka pang'ono, mawu akuthwa amasowa pomwe phokoso likhala pomwepo. Matepi ena a m'ma 1970 ndi 1980 amayamwa chinyezi n'kuyamba kumata, ndipo akatswiri amawatenthetsa kwa maola angapo pa madigiri pafupifupi 50 mu uvuni wapadera asanawaimbitse. Uvuni wophikira sikono si umenewo, musayesere.

Kaseti ili ndi nkhani yakeyake ya Dolby. Njira ya Dolby B imakweza mawu akuthwa ofooka pojambula, n'kuwatsitsa poimbitsa, ndipo kaphokoso kamatsika nawo limodzi. Mukasamutsa kaseti ya Dolby osayatsa Dolby, mwatenga nyimbo yofinyidwa theka. Mukayatsa pa kaseti imene inalibe, mwaiphimba bulangete. Kulakwitsa apa sikukonzeka ndi limiter.

Bungwe la nyumba zosunga mawu padziko lonse la IASA lili ndi lamulo losavuta: kope yosunga ikhale yosakhudzidwa, ya 24-bit, pa 48 kHz kapena kuposa, ndipo 96 kHz ndi imene amalimbikitsa. Zipsera, phokoso, zonse zikhalemo. Kukonza kulikonse kuchitike pa kope ina. Chifukwa chake n'choti zida zimasintha. Zimene makina a mu 1990 anachotsa molakwika sizibwereranso ngati kope yoyamba sinasungidwe.

Mmene anasankhira ku Abbey Road

Gulu la mainjiniya lotsogozedwa ndi Allan Rouse linasamutsa matepi a The Beatles nyimbo imodziimodzi pa 24-bit ndi 192 kHz, akupukuta mitu ya makina pakati pa nyimbo ndi nyimbo. Anagwirizana kuti zolakwika za zida, monga kuthetheka kwa magetsi, kuphulika kwa mpweya pa maikolofoni ndi malo olumikizidwa molakwika, akonze pamene zingatheke. Zimene zinachokera kwa oimba eni ake anazisiya.

Pa limiter anapatula pawiri. Zimbale za stereo zinali zopita kwa aliyense, zokaimbidwa m'galimoto ndi pa iPod pakati pa nyimbo zamakono, choncho anazikweza pang'ono. Bokosi la mono linali la anthu ofuna kumva zimene oimbawo ndi produsa wawo George Martin anavomereza m'situdiyo, popeza kwa zaka zambiri za m'ma 1960 mono ndi imene ankaitayira nthawi. Limeneli analisiya mmene linalili. Mu 2014 anapitirira apo: mbale za mono anazidula kuchokera ku matepi enieniwo osadutsa pa kompyuta.

Ena anadandaulabe kuti stereo sinafunikire limiter ngakhale pang'ono, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Chimene ndimayamikira ine n'choti anaulula. Wogula anadziwa chimene akugula, ndipo amene sanafune limiter anali ndi kolowera.

Khutu limanyengeka

Mukamvetsera nyimbo imodzi kawiri, ulendo wina itakwezedwa ndi 1 dB yokha, mudzanena kuti yokwerayo ili ndi besi yabwino ndiponso ikumveka bwino. Simudzanena kuti yakwera. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Labs anaonetsa mu 1933 kuti khutu silimva mawu onse mofanana: mawu akatsika, besi ndi mawu akuthwa kwambiri ndi amene amayamba kuzimirira. Choncho chilichonse chokwera chimaoneka ngati chonona.

Njira yoyesera ndi imodzi. Tsitsani yokonzedwayo mpaka ifanane mphamvu ndi yoyamba, kenako muzisinthasintha osaona kuti ikuimba ndi iti. Nyimbo zambiri zolembedwa "remastered" zikayesedwa chotere zimagwa pomwepo: ng'oma zabwerera m'mbuyo, mawu aphwatalala.

Spotify, wailesi ndi minibasi

Mu 2006 bungwe la ITU linatulutsa njira yoyezera kukwera kwa mawu motsatira mmene khutu limamvera, ndipo muyeso wake masiku ano umadziwika kuti LUFS. Mu 2010 bungwe la nyumba zoulutsa mawu ku Ulaya la EBU linaika mlingo wa -23 LUFS pa mapulogalamu. Spotify imalinganiza nyimbo pa -14 LUFS, YouTube ili cha pomwepo, Apple Music ili cha pa -16. Tanthauzo lake ndi ili: nyimbo imene mwaifinya mpaka -8 LUFS, Spotify imaitsitsa ndi 6 dB. Ikamaimba moyandikana ndi inzake yosafinyidwa zimamveka zofanana mphamvu, koma inzakeyo nsonga zake zilipo, yanu zinadulidwa. Mwalipira mtengo, katundu osalandira.

Pa wailesi ya FM nkhani ndi yomweyo. Nyumba zoulutsa mawu zili ndi makina awo ofinya, ndipo Robert Orban ndi Frank Foti, amene makampani awo amapanga makinawa, analemba limodzi kuti nyimbo yofinyidwa kale simveka yokwera pa wailesi, imangomveka yosasa.

Koma tinene zoona, kwathu kuno nyimbo zambiri siziyenda pa Spotify. Zimayenda pa WhatsApp, pa memori khadi ndi pa fulashi, mmene mulibe wolinganiza. Zimamvedwa pa kasipika ka foni, mu minibasi injini ikulira, pa shopu jenereta ili pambali. Pamalo otere nyimbo yotsika imamiradi, ndipo woyendetsa amaidumpha. Amene amati limiter isakhudze konse nyimbo yakale amalankhula ngati anthu onse amamvetsera m'chipinda chachete.

Yankho lake ndi kukhala ndi makope awiri. Ya pamsewu ikhoza kukwezedwa, koma mwanzeru: kukweza ndime zotsika ndi dzanja pang'onopang'ono, compressor yofatsa ngati ikufunika, limiter pamapeto penipeni yogwira 1 kapena 2 dB pa nsonga zowerengeka. Denga liikidwe pa -1 dB m'malo mwa 0, chifukwa fayilo ikamasandutsidwa MP3 nsonga zimakwera pang'ono ndipo zimasasa ngati panalibe malo.

Za Tracey ndi za makaseti athu

Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo ku Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958. Zojambula zake zikusungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa, ndipo zina zinatulukanso pa CD kudzera ku kampani ya SWP Records ya Michael Baird. Tracey ankagwira maikolofoni m'manja n'kumaiyendetsa pakati pa oimba, kuyandikira wa bangwe, kutalikira ng'oma. Kukwera ndi kutsika kumene mumamva m'zojambulazo ndi zimene dzanja lake linasankha pa bwalo tsiku limenelo, ndipo ndi mbali ya mbiri ya nyimbozo.

Ganizirani nyimbo yapamtondo. Munsi ukagunda umatulutsa nsonga yaikulu, ndipo mawu a amayi amayenda pakati pa kugunda ndi kugunda. Mukaika limiter yamphamvu, kugunda kulikonse kumatsitsa mawu a amayiwo, n'kuwakwezanso munsi ukanyamuka. Mawu amene anali osalala amayamba kugwedezeka, munsi wataya kulemera kwake, ndipo mphepo ndi nkhuku za kuseri zabwera kutsogolo. Wofufuza wa m'tsogolo akadzamva kope imeneyo yokha adzaganiza kuti ndi mmene ankaimbira. Bangwe nayenso moyo wake uli pa kukodola kwa chingwe, nsonga yomwe ija imene limiter imayamba kudya.

Chiyambire 1964, magulu ambiri ankajambulitsa ku situdiyo za MBC mu Blantyre pa matepi a mkombero. M'ma 1980 ndi 1990 kaseti ndiyo inali mfumu, ndipo si zimbale zonse za nthawi imeneyo zimene tepi yake yoyamba ikupezekabe. Kaseti yogulitsa inali kale kope ya kope, yokoperedwa mothamanga, nthawi zambiri mawu atakwezedwa mpaka tepi kukhuta. Timawailesi ta kaseti tapanyumba tinalinso ndi kachipangizo kodzikwezera ndi kudzitsitsira mawu pojambula. Nyimbo yotere yafinyidwa kawiri kapena katatu isanafike pa laputopu yanu, nsonga zake zatsala zochepa. Imafuna makina abwino oimbitsira, mutu wolunjika ndi munthu wodekha. Mukamva nyimbo yakale pa YouTube yolembedwa "remastered" ikukuwa, kaphokoso kakukwera woimba akangopuma, dziwani kuti wokonzayo anayambira kumapeto.

Kwa inu amene mukusunga matepi

Mwina bambo anu anali woimba, kapena kwaya ya mpingo wanu inajambula kaseti zaka makumi atatu zapitazo, ndipo mwapeza munthu woti akusamutsireni. Mufunseni kuti aimbitsa pa makina anji, ndipo ngati akudziwa zolunjikitsa mutu ndi za Dolby. Muuzeni kuti mukufuna mafayilo awiri pa nyimbo iliyonse: ya WAV ya 24-bit yosakhudzidwa ndi chida chilichonse, ndi ina yokonzedwa yoti muzitumizira abale. Akulembereni papepala zimene wachita pa yachiwiriyo. Musanalipire, mverani ziwirizo zitalinganizidwa mphamvu.

Fayilo yosakhudzidwayo isungeni malo awiri osiyana, ndipo kaseti kapena tepi yeniyeniyo musaitaye. Ikani m'bokosi lake, moimika, pouma, kutali ndi dzuwa ndi masipika.